Dalitso tamusiya ku Cádiz

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku South Bend chisanu chayamba, ndipo chapsereza bonongwe amene ndinadzala kuseri kwa nyumba. Ku Indianapolis alamu anga, akazi a achimwene Lemani, achira. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nkhani yeniyeni ikundilemera. Dalitso, mdzukulu wanu amene munamulera ine nditabwera kuno, watisiya. Mwina mwakumana kale.

Atanditsatira kuno ku America n'kumaliza sukulu, anajoina usilikali wa pamadzi, ndipo anamutumiza ku Spain, pafupi ndi mzinda wa Cádiz. Kumeneko anakwatira Rocío, nabereka mwana wamwamuna amene akukwawa kumene. Anagwa pa njinga yamoto tsiku la chimphepo, ndipo sanadzukenso.

Ndinapita kuti ndikatenge thupi, akagone pambali panu ku Ntcheu. Paja munkati wofera kutali mzimu wake umasowa njira.

Mzindawo, Amayi, unapanikizana pakamtunda kopyapyala, nyanja ili uku ndi uku. Misewu ndi yothina ngati makonde, makoma adyeka ndi mchere. Bambo ake a Rocío ankakonza zombo mpaka ntchito inatha. Anandiyendetsa mumzindamo kuti ndisamangolira m'nyumba, Rocío akumasulira. Akuti unamangidwa ndi amalonda a kum'mawa, kalekale Yesu asanabadwe, moti wokumba maziko a nyumba amafukula manda a anthu osadziwika. Pamadenga pali tinsanja pomwe olemera ankasuzumira zombo zochokera ku America. Adani anauwotchapo, funde lalikulu linakokolapo anthu. Koma eni ake ndi anthu anthabwala, amaseka ngakhale ulova wawo womwe.

Ndinawafunsa bambowo ngati anthu akuda ankafikako kale.

"Ankafika," anatero. "Ankagulitsidwa mumzinda momwemuno."

Mtima wanga unauma. Ndinauza Rocío kuti mwana wanga sagona kumeneko. Sanandiyankhe mwamwano. Anangondipatsa mwana uja kuti ndimunyamule.

"Mama, mukamutenga, uyu akadzafunsa bambo ake ndidzamulozera kuti?"

Ndinalola, Amayi, kuti agone komweko.

Mumzindamo mulibenso malo a manda, ndiye tinamuika kunja kwake. Sakumba pansi. Pali chikhoma chachitali cha timabowo, bokosi amalilowetsa ngati m'kabati. Kunabwera bambo wina ndi ndowa ya simenti, n'kumata pakhomo ife tikuonerera. Panalibe dothi loti ndiponye. Panalibe amayi a chigwirizano, panalibe wondigwira paphewa n'kulira nane mokweza. Ndinayamba nyimbo ya maliro ndekha, mawu anandithera pakati.

Tsopano ndabwerera ku shifiti kuchipatala. Achimwene Lemani sakundilankhula bwino, akuti ndataya mwana kwa eni. Usiku wina ndimaona kuti akunena zoona.

Mzimu wake ukasowadi njira, mutuluke mukamuchingamire. Ndi wamtali tsopano, ali ndi ndevu, mwina simumuzindikira msanga. Akakuyankhani m'Chingerezi musamukalipire, Chichewa amamva chonse.

Kamnyamata kake kakayamba kuyenda, ndidzapempha Rocío tibwere nako ku Ntcheu, kadzagwire dothi la pamene mwagona. Ichi ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati