Phazi Limodzi Limazizira Ndikapalasa Njinga

Aphungu,

Pa 9 Malichi chaka chino cha 1975 ndinali pa mpikisano wa njinga umene timachita Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, kuchoka pa mlatho wa Lilongwe kukatembenukira ku Nathenje. Ndinali patsogolo. Pa chitunda chomaliza ntchafu yakumanzere inangofa. Si kukokana kwa minofu ayi, kumeneko ndimakudziwa. Inalemera ngati thumba la simenti, kenaka dzanzi mpaka ku zala. Ndinatsika n'kukhala pansi. Mphindi zisanu zokha, mwendo unabwerera bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo, ndikangopalasa mwamphamvu zimachitikanso.

Ndili ndi zaka 26, mipikisano ndinayamba ndili ndi 17. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndiye chimene ndili nacho ndi miyendo basi. Ndine mesenjala pa shopu ya zitsulo ya a Hamdani ku Area 2. Chiyambire boma kusamuka ku Zomba, paliponse akumanga, ndiye pa tsiku ndimapita ku City Centre katatu, pena kanayi, nditanyamula makalata, maloko ndi misomali, mpaka ku nyumba zatsopano za ku Area 10. Anandilemba chifukwa cha liwiro. Amauza makasitomala kuti, "Musadandaule, wanga uyu afika tiyi wanu asanazizire." Pano ndimaima kawiri panjira, ndikachedwa ndimanamizira tcheni.

Mnzanga Kenani, amene timapikisana naye, anandiseka. "Iwe chikwatirire mphamvu umazisiya kunyumba. Mwendo waulesi umafuna kuukhaulitsa!" Ndiye ndinawonjezera kupalasa m'mawa uliwonse, ntchafu nditaimanga ndi mphira ya chubu kuti ilimbe. Sizinathandize. Apongozi akuti ndinaponda mankhwala, akufuna ndikatemedwe mphini.

Kuchipatala ndinapitako. Ndinapempha masiku awiri kuti mwendo upume, ndinasamba, n'kukwera basi kuti ndisakafike ndi thukuta pamaso pa adokotala. Ndinakhala pa benchi mpaka masana. Adokotala anandigoneka, anapinda mwendo, anagogoda bondo, anagwira pa kakolo, n'kunena kuti, "Achimwene, miyendo imeneyi ikanakhala yanga bwenzi ndikunyada." Anandipatsa mankhwala opaka. Ndinatuluka ndi manyazi ngati wabodza.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi mwana wanga Emmie, wa zaka zitatu. Ndikangofika pakhomo n'kuvula nsapato, amathamanga kudzakhala pa mapazi anga, n'kugwira miyendo kuti ndizimuyendetsa pabwalo. Amati imeneyo ndi basi yake. Lachisanu lapitali ndinabwera pa njinga mothamanga, mwendo utafa kale pa chitunda cha kwathu. Emmie atangokhala pa mapazi anadumpha. "Ababa, phazi ili lazizira ngati chule!" Mayi ake, Naphiri, anagwira mapazi onse awiri. Lakumanja lotentha, lakumanzere lozizira, lotuwa. Tisanamalize kudabwa, linayamba kufunda. Naphiri anangomasula mphira ija, ndipo mpaka lero sindikudziwa kumene anaiika.

Aphungu, kodi magazi akukana kufika? Mwendowu adzaudula? Ndikawauza abwana alemba wina mawa lomwe, anyamata ofuna ntchito ali mbwee pa msika. Ndikabisa, ndikuopa kudzagwera mumsewu malole a mchenga akudutsa. Mwezi wamawa kuli mpikisano waukulu, wopambana alandira njinga yatsopano. Ineyo sindidziwa ntchito ina yodyetsera mwanayu. Ndichite bwanji?

Z. L., Kawale, Lilongwe

Bambo ake a Emmie,

Si inu wabodza, ndipo mwendo wanu si waulesi. Emmie waona chimene adokotala sakanatha kuona, chifukwa iye amakupimani mutangotsika pa njinga. Inu munapita kuchipatala mutapuma masiku awiri, pa basi, mutasamba. Ulemu munachita ndithu, koma matendawo munawasiya kunyumba.

Kalata yanu ndinawawerengera adokotala ena amene ndimadziwana nawo. Akuti sangatsimikize asanakuoneni, koma zikuoneka ngati mtsempha umene umatsitsa magazi ku mwendowo wachepa njira, mwina pamene ntchafu imakumana ndi mimba, pomwe pakhala pakupindika zaka zonsezi mukawerama pa njinga. Mukakhala phee, magazi ochepa amene akudutsawo amakwana. Mukayamba chitunda, mwendo umafuna ambiri, koma safika. Kawirikawiri zotere amaziona pa achikulire osuta fodya, n'chifukwa chake pa mnyamata wa minofu ngati inu munthu saziganizira msanga.

Bwererani kuchipatala sabata ino, koma ulendo uno pa njinga, ndipo mutenge Naphiri. Mukalowa, musayambe ndi mawu akuti "mwendo umapweteka." Nenani kuti, "Ndikapalasa mwamphamvu phazi limodzi limazizira, ndikapuma limafunda." Naphiri achitire umboni, poti anagwira yekha. Kenaka pemphani adokotala kuti akuloleni mukapalase panja mpaka mwendo ufe, mulowe ndi thukuta lomwelo, agwire pa kakolo mbali zonse ziwiri nthawi yomweyo n'kuyerekeza kugunda kwa magazi. Musachite manyazi ndi thukutalo, ndilo kalata yanu. Akapeza kusiyana, iwo ndiwo adziwe kokutumizani.

Mphira ija musaifunefune. Naphiri anachita bwino kwambiri, chifukwa munkafinya njira yomwe yachepa kale. Mumuthokoze. Apongozi muwayankhe mwaulemu, koma lumo lisakhudze mwendo umenewo, poti bala la pa mwendo wosowa magazi limachedwa kupola. Za a Kenani zija, zoti mwendo muziukhaulitsa, zisiyeni. Iwo akudziwa njinga, mitsempha saidziwa.

Abwana anu auzeni, koma mutanyamula pepala la kuchipatala. Bodza la tcheni likadzaululika lidzakuchotsani ntchito msanga kuposa mwendo. Mwati muli ndi miyendo basi. Ine ndikukana. Munthu amene amanyamula katundu wa eni tsiku lililonse osasowa ngakhale loko mmodzi, amene akudziwa mafolomani onse ndi nyumba iliyonse ya ku Area 10, sapezeka pa msika m'mawa umodzi. Apempheni kuti katundu muzimunyamula pamodzi, maulendo awiri m'malo mwa anayi, ndipo nthawi yotsalayo muziphunzira kugulitsa mu shopu. Kwezani mahandulo a njinga kuti musamawerame kwambiri, ndipo pa chitunda muzitsika n'kukankha. Tiyi wa makasitomala azizireko pang'ono, palibe amene afe.

Za kudula musathamangire. Phazi limene limafundanso pakapita mphindi zochepa likadali ndi moyo. Koma mverani ichi. Likadzazizira n'kukana kufunda, likadzapweteka muli chikhalire, kapena chala chikadzayamba kuda, musadikire Lolemba, musapemphe chilolezo kwa abwana. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, wina akunyamuleni.

Mpikisano wa mwezi wamawa musalowe, ngakhale mwendo utakunyengani kuti wachira. Njinga yatsopanoyo atenge a Kenani. Inu muli kale ndi pasenjala amene amakudikirani pakhomo madzulo aliwonse, ndipo basi yake imafuna matayala onse awiri.

Aphungu