Kandalama ka Shawna pa Makina a Keke

Ironwood, Michigan
9 Novembala

Okondedwa Amayi,

Lolemba Junie anandiuza kuti pa tsiku lake lobadwa akufuna keke wa mandimu uja ankaphika mayi ake, osati wogula. Ndinangovomera osaganiza. Kalata yanu yonena kuti mwanayu adzakhale kwa inu ku Tucson inali itafika kale. Ndisanayankhe, ndikufotokozereni zimene zachitika kuno.

Makina osakanizira ufa aja munamupatsa Shawna pa ukwati wathu, sindinawakhudze chimwalirireni iye. Nditawayatsa ndinamva mthiko wake ukukhula pang'ono pansi pa mbale, kuti kwe, kwe. Mukudziwa ntchito yanga ya kugalaja, chitsulo chikamakhula chinzake ndiye kuti china chake chalakwika. Ndinapotoza kabawuti ka pakhosi pa makinawo mpaka mthiko unakwera, phokoso n'kutha. M'mbali mwa makinawo munali kandalama ka masenti khumi komatidwa ndi selotepi. Ndinakamatula n'kukaponya m'thumba.

Keke woyamba anatuluka wolimba, wachiwiri anatitimira pakati. Batala ndi shuga zinkatsalira pansi pa mbale. Junie analawa n'kunena kuti, "Ndi wokoma, adadi," koma kenako ndinamupeza akupatsa galu wathu kekeyo. Mwana wamng'ono chonchi kundinamiza kuti ndisadandaule, Amayi, zinandipweteka.

Ndinakaitana mayi Hruska, achikulire aja oyandikana nafe. Anagogoda kekeyo ndi chala.

"Iwe Wendell, ameneyu ndi wodya kapena womangira khonde?"

"Ndatsata zonse zolembedwa, mayi."

"Batala unamutulutsa liti mufiriji?"

"Pomwe ndimayamba."

"Ndinadziwa! Batala azifewa kaye. Mazira uziika limodzilimodzi. Ufa ukalowa, makina aziyenda pang'onopang'ono, si lole yako iyi." Kenako anaona pamene panali selotepi paja. "Nanga kandalama ka mkazi wako kapita kuti?"

Ndinakatulutsa m'thumba. Anakaika m'mbale yopanda kanthu n'kuyatsa makina, mthiko n'kumangodutsa pamwamba osakakhudza. Akuti umayenera kukasuntha pang'ono ukamazungulira, ndipo Shawna ankayezera pamenepo kuti mthiko uzifika pansi. Ndinabweza kabawuti kaja mpaka kandalama kanayamba kuyenda. Titakachotsa, kwe, kwe uja anabwerera.

Junie anali kuchipinda. Atangomva anabwera akuthamanga, nsapato imodzi kuphazi, akuitana, "Amami!" Anaima pakhomo la khitchini n'kutiyang'ana awirife. Sanalire. Anangokhala pansi pafupi ndi kabati n'kundiuza kuti ndisazimitse. Mayi Hruska anatuluka osatsanzika. Makina anazungulira opanda kanthu mpaka anatentha.

Keke wachitatu anafufuma bwinobwino.

Amayi, zonse munalemba n'zoona. Ndimaweruka mochedwa, tsitsi lake sindidziwa kuluka, sabata yatha anapita kusukulu ndi masokosi osiyana. Kwanu n'kofunda ndipo inu muli ndi nthawi. Komabe ndikupempha, musanditengere mwanayu. Zimene sindidziwa ndiphunzira, ngakhale ndiyambe ndawononga kawiri. Kandalama kaja ndakamatanso pamalo pake, kabawuti kaja sindidzakagwiranso.

Tsiku lake ndi Loweruka la pa 18. Bwerani mudzaone nokha mmene tikukhalira, ndipo mudzatenge zovala zamphepo chifukwa chipale chofewa chayamba kugwa. Musanabwere mundiuze ngati Shawna ankapalira makoko a ndimu limodzi kapena a mandimu awiri. Junie akuti m'kekemo mukusowabe kenakake, ndipo ine ndilibenso wina womufunsa.

Mupereke moni kwa Adadi. Junie akuti mudzagona pabedi pake, iye adzagona pabedi panga, kumbali ya amami ake.

Ndine mkamwini wanu,
Wendell