Kampeni ndi Lichero

Lolemba, 16 Seputembala

Zilembo zikuchita kuvina ndi chimwemwe. Mwana wanga wamkazi Shiromi wandipatsa foyilo. Ine Benedict, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ntchito yanga yangokhala kutola ndi boti alendo ogwa pamabolodi awo m'dziwe la Kalpitiya, ndikhala ndi yangayanga.

Anayala ziwiri zake pamkeka pakhonde. Ndinaziyang'ana ngati sindinazionepo: mwendo wakuda womangira kunsi kwa bolodi, kumapeto kwake phiko loyenda pansi pa madzi, lija limakukweza m'mwamba thanga la m'manja likagwira mphepo. Ina phiko lake ndi lopyapyala, limakhota pafunde ngati nsomba. Iye amati Kampeni. Inayo ndi yotambalala, imanyamula msanga, koma pagombe amati ndi ya ophunzira. Imeneyo ndi Lichero.

"Thaththa, atate anga, sankhani imodzi. Yotsalayo ndipita nayo ku Italy." Kenako, "Koma foyilo imayendera kulemera kwa munthu. Muli ndi makilo angati masiku ano?"

"70," ndinatero.

Mkazi wanga Rosalin anatsamwa ndi tiyi. Mkazi ameneyu sadziwa kutsamwa mwaulemu.

Ndatenga Kampeni. Shiromi anangoti chabwino.

Akwera ndege Lolemba likubwerali kutsatira mwamuna wake. Chimene ndikufuna n'chimodzi basi: funde limodzi kunyanja yaikulu, ine ndi mwana wanga, mbali ndi mbali. M'dziwe ndakhala ndikuuluka pa zida za kusukulu kumene iye amaphunzitsa alendo masewerawa kuyambira Meyi, koma pafunde sindinayesepo. Malire ndi Loweruka. Lamulungu mudzi uno sitilowa m'nyanja, ndipo sindikhala ine woyambitsa.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Ndadutsa nako Kampeni paphewa kawiri pashedi ya Riswan, wogula nsomba uja. Koyamba anali wotanganidwa ndi madengu, ndiye ndinachita kubwerera.

"Machang, mnzanga, kasingano ako kanyamule chimimba icho?"

Ndinamuuza kuti nsanje imakalambitsa.

Kumadzi zinthu sizinayende. Kupopa thanga, kupopanso, bolodi ikungolima madzi ngati boti lodzaza ukonde wonyowa. Kukwera m'mwamba ayi ndithu. Mphepo inali yochepa, ndikutero ine. Shiromi anali pa Lichero, nayenso funde linamutaya kangapo, zomwe si zake. Ndinamukuwira kuti akhwimitse maondo. Ine, wa m'madzi mpaka m'khosi, kulangiza mphunzitsi.

Ngakhale zili choncho ndabwera kunyumba ndikuimba.

Lachitatu, 18 Seputembala

Mphepo inalipo. Ine sindinanyamuke. Madzi amchere amene ndamwa akhoza kuwiritsa nkhanu dengu lonse.

Lachinayi, 19 Seputembala

Ndinanyamuka! Ndinawerenga: wani, thu, fili, kenako phofo, chamutu. Koma atatuwo ndi anga, palibe angandilande. Ndauza wa tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu kaja, ndauza wogulitsa buledi, ndauza ndi a Sisitere amene, iwo n'kundifunsa ngati ndadwala malungo.

Madzulo ndiye zandithera. Ndimayanika thanga kuseri kwa khitchini, amayi ndi mwana akukuna kokonati m'katimo.

Rosalin: "Ku Italy kumeneko ukakwera chiyani? Chilichero chija chimakuponya ngati nthenga."

Shiromi: "Asiyeni, Amma. Mwaona mmene akuyendera nako m'mudzimu? Sindingawalande."

Rosalin: "Zaka zitatu ukugona nako kumutu kwa bedi."

Ndinaima ndi chingwe m'manja mpaka udzudzu unandichotsa. Ndatenga foyilo ya mtima wa mwana wanga, imene sindingathe n'kuikwera komwe, chifukwa choopa kuti pagombe andinena. Manyazi andigwira, sindibisa. Mpunga ndadya wochepa. Mbale ziwiri zokha.

Lachisanu, 20 Seputembala

Ndinalawirira kwa Riswan poganiza kuti ndimupeza yekha. Ayi, maboti onse anali atakocheza, amayi ogula nsomba ali mbwee.

"Machang, ndiyeze. Koma unong'one."

"Sikelo iyi sinong'ona," iye anatero. N'zoonadi. Kuyambira nthawi ya bambo ake, chilichonse chokwera pasikelo ija amachilengeza mokweza, kuti msodzi asadzati anamubera. Ndakhala ndikumuyamikira khalidwe limeneli moyo wanga wonse, mpaka lero.

Anachotsa dengu la nsomba, ine n'kukwera. Anasuntha kamwala, n'kusunthanso, n'kupita kukatenga kena kuseri. Kenako ndi mawu ake oimba aja: "Eyite sikisiii, yamoyo, yosatumbula!"

Shedi yonse inagwa ndi phwete. Mayi wina anafunsa ngati amagulitsa mutu wokha. Ndinavula patapata n'kukweranso. 86 yomweyo. Mapeto ake ndinaseka nawo mpaka misozi, nanga ndikanatani.

Kunyumba ndinaika Kampeni pabedi la Shiromi.

"Duwa, mwana wanga, aka anapangira anthu osadya. Ndipatse Lichero langa."

"Nanga 70 ija yapita kuti, Thaththa?"

"Inali ya tsiku la ukwati wanga. Amayi ako ndi amene anaiwononga."

Anandikumbatira nkhope ili m'malaya mwanga. Rosalin kukhitchini akuti, "Tsiku la ukwati munali 74."

Masana mphepo inafa. Masamba a kokonati ali zii, nyanja ngati mafuta. Nyengo ya mphepo ikutha, aliyense akudziwa. Ndawononga masiku atatu a mphepo yabwino ndi bodza la makilo 16. Ndayatsa kandulo kwa Anna Woyera, yaikulu.

Loweruka, 21 Seputembala

Mmawa, palibe. Masana, palibe. Ndinakhala pamchenga ndi bolodi pambali, kunyambita chala n'kukweza m'mwamba mpaka Shiromi anati ndichimaliza.

Cha m'ma 3 mchenga unayamba kutiluma m'miyendo. Tinayang'anana, n'kuthamanga.

Kupopa kamodzi, kawiri, Lichero linandinyamula ngati khanda. Makilo onse 86 m'mwamba, madzi ali pansi akudutsa. Ndinangoyamba kuseka ndekha. Tinatuluka kuseri kwa mafunde. Loyamba ndinaliopa, lachiwiri linandisiya. Lachitatu Shiromi anakuwa, "Ili ndi lanu, Thaththa! Siyani thanga!"

Ndinasiya dzanja lakumbuyo monga anandiphunzitsira, thanga n'kumangouluka pambuyo panga nditagwira kachogwirira kakutsogolo. Ndiye kunali chete. Palibe injini, palibe kukoka kwa mphepo, funde lokha likundikankha kunsi kwa mapazi. Zaka makumi anayi ndakhala ndikulimbana ndi mafunde amenewa, sindinkadziwa kuti akhoza kundiberekanso.

Nditayang'ana kumanja, uyo mwana wanga pa Kampeni, pafunde lomwelo, akukwera n'kutsika ngati akulemba dzina lake. Anabwera pafupi moti ndinaona mpata wa mano ake uja. Anandiwerengera mokweza, anafika 14. Ndinafuna kumubayibitsa, ndipo mpamene ndinagwa.

Ndinavuuka kabudula ali m'maondo, mphuno ikutuluka magazi, ndikuseka ngati wamisala. Pagombe Riswan ndi anthu ake ankamenya madengu.

Tsiku lonse lotsala ndauza nkhaniyi aliyense. Pofika kwa wa buledi inali itafika 30.

Lamulungu, 22 Seputembala

Misa, kenako alendo, nkhanu za curry, masutikesi. Kampeni takakulunga m'matawulo atatu ndi nsalu yanga yatsopano ya sarong. Mphepo inaomba tsiku lonse ngati ikutinyodola, koma lero ndi Lamulungu.

Shiromi wandipatsa kasipanala kake. "Dzulo tangotsira madzi pamwamba. Muzimasula phiko n'kutsuka m'kati, Thaththa. Mchere ukagwira zomangira simudzamasulanso." Wabwereza katatu.

Lolemba, 23 Seputembala

Wapita. Kubwalo la ndege ndinachita nthabwala mpaka pachitseko, sindikumbuka n'imodzi yomwe. Pobwera m'galimoto ine ndi Rosalin tinangoyang'ana msewu kuyambira ku Negombo mpaka ku Puttalam.

Nyumba yakula. Posowa chochita ndinatenga Lichero ndi beseni pakhonde. Zomangira zitatu, chachitatu chinavuta. Phiko litachoka, m'kati mwake, pamalo osaoneka ukamanga, pali zilembo za utoto wake wofiira wa m'zikhadabo:

THATHTHA. MEYI. 90 KG.

Meyi. Mwezi umene ndinagwa koyamba m'dziwe. Foyilo iyi sanadzigulire yekha n'komwe, anagulira ine. Miyezi inayi yakhala ikundidikira, ine n'kuidutsa pamkeka ngati sindikuiona.

Komanso 90. Mwana wopanda ulemu uyu. Anandiwonjezera anayi athunthu.

Rosalin anandipeza ndili chikhalire, kasipanala m'manja, zilembo zikusambira. Anawerenga, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya sari. Kenako anayang'ana mitengo ya kokonati.

"Mphepo yayamba," anatero. "Mangani chinthu chanucho, mukalirire kumadzi."

Ndikusaka chomangira chachitatu. Chagwera penapake pansi pa mpando.