Botolo langa ladzaza lokha

Mwana wanga,

Ukapeza kuti ndachoka usadabwe, ndapita kuchipatala. Ndadzuka zikope zitatupa, zili psuu, zikuyabwa ngati ndagona pa chitedze. Ndayesa kuikapo kansalu konyowetsa m'madzi ozizira, koma diso lakumanzere likungotseguka pang'ono.

Tsono pali chimene chikundidabwitsa. Mafuta anga odzola ndi omwe aja opanda fungo, amene malemu amayi ako ankandigulira. Chiyambire Lolemba akununkhira maluwa, ndipo botolo limene linatsala pang'ono kutha ladzaza lokha. Botolo silibereka. M'nyumba muno tilimo awiri, ndipo ine sindinathiremo kanthu. Ndaonanso kuti mayi ogulitsa zodzoladzola aja akubwera kawirikawiri masiku ano. Akangofika umandinong'oneza kuti, "Ababa, makwinyawo," kenako n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti uli ndi kopita.

Sindikukuimba mlandu. Ndikungoona, ngakhale ndi diso limodzi.

Botololo ndalitenga kuti adokotala akalione. Ngati lomwe mafutawo anachokera likadalipo, ujambule zolembedwa kumbuyo kwake unditumizire pa foni, chifukwa akandifunsa zimenezo. Uchape nsalu ya pilo ndi thaulo langa ndi sopo wamba. Pepa, mbale sindinatsuke.

Aneba andiona m'mawa ndikutsegula geti, andigwira dzanja n'kuti, "Limbani mtima, achimwene." Chonde ukawauze kuti sindimalira ayi. Chipepeso ndinalandira kale chokwanira.

Mayi aja akabweranso Loweruka usawabweze, tiyi ndimwa nawo. Koma chikwama chawocho achisiye kunyumba.

Bambo ako