Mlandu wa Foni ya ku Chambe

Komiti ya Tikwere ya Onyamula Katundu Paphiri
Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Pakhonde la ofesi yathu, Likhubula
Analipo: a Winston Namakhwa (Wapampando), Mayi Dainess Muhiwa (Mlembi), a Wilson Khoromana (osunga foni), a Hussein Saidi
Sanabwere: a Ronald Makwinja, anakwera ndi alendo

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba ndi pemphero nthawi ya 9 koloko m'mawa.

2. Dandaulo
Wapampando anakumbutsa kuti ndife oyamba pa Likhubula kukhala ndi foni yoitanira thandizo yotchaja pongoigoneka pakambale. Yakale ija chinyontho cha chiperoni chinaiwononga kabowo kotchajira. Koma Lachiwiri, mlendo atabinya phazi paphiri ku Chambe, foni inapezeka ilibe moto. A Hussein anati a Wilson achotsedwe pa udindo, mwina amaonerapo mpira. A Wilson anayankha kuti pa msinkhu wawo sangasewere ndi moyo wa munthu. Anati Lolemba anaigoneka pakambale tsiku lonse, sola ikugwira, koma inangotentha basi.

3. Mmene chajayi imagwirira ntchito
Wapampando anati vuto ndi umbuli, ndipo anaimirira kutiphunzitsa. Anati m'kambalemo muli waya wa kopa wokulungidwa ngati nkhata. Magetsi akamadutsamo amatulutsa mphamvu ya maginito, ndiye nkhata ina ya m'foni imaitola n'kuisandutsa moto wa batire. Kunena zoona anafotokoza bwino, mpaka tinaomba m'manja. Anapitiriza kuti nkhata ziwirizi ziziyang'anizana, ndipo pakati pasakhale chitsulo, chifukwa chimangotentha, foni osatchaja. Atafika apa anacheukira foni imene inali m'manja mwa a Wilson.

A Wilson anatembenuza foni ija. Kumsana kwake kunali kachidutswa ka lata kolembedwa "KATUNDU WA TIKWERE", kamene Wapampando anamata okha Lolemba poopa akuba.

4. Chigamulo
Lata linamatulidwa ndi mpeni. Foni itagonekedwa pakambale, moto unayamba kulowa pompo. A Hussein anabweza mawu awo. A Wilson apitiriza udindo.

5. Zina ndi zina
Mlembi anafunsa ngati za lata zilembedwe. Wapampando anavula chipewa, nati: "Lembani, mayi. A Khoromana, tinakunyozani pagulu, ndikupepesa pagulu." A Wilson anati: "Zatha, achimwene. Koma za maginito zija mumazitha." Ine mlembi ndalemba izi monyadira, poti komiti zina zikanakanirana mpaka kubalalika.

Msonkhano wotsatira: 12 Julayi 2025. Tinatseka 10:40.

W. Namakhwa, Wapampando
D. Muhiwa, Mlembi