Maliro Amene Sitinaike

Mgona, Lilongwe
11 Disembala 2023

Okondedwa amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Limbuli. Kodi mwendo uja ukukuvutitsanibe? Ndamva kuti mwalima nawo munda wonse wa kuseri, chonsecho kuchipatala anati muupumitse. Ine ndili bwino. Mwana wanu Elson nayenso thupi lili bwino, koma za iyeyo ndi zimene zandilembetsa kalatayi. Ndikanaimba foni, koma ndikukudziwani, mukanangoti zonse zili m'manja mwa Ambuye, mayunitsi n'kutha ndisananene chimene ndaimbira. Ndiye valani mandala anu, mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Kuno mvula yayamba. Zinthu zakwera mtengo moti tomato timagula ngati mankhwala, ndipo madzi apampopi amabwera tsiku limene afuna okha. Kalongonda munatumiza uja tinadya, ngakhale ananditherako makala. Aneba anga amamuopa poti akapanda kupsa bwino amapha, akuti ife Alhomwe tidzafa ndi zakudya zathu zomwe.

Mukukumbukira kuti pamene ndinkamutenga Elson mwezi wa Juni, tonse tinagwirizana kuti kutauni akaiwala. Napolo wa mwezi wa Malichi uja anali atamulanda mkazi wake Ireen ndi mwana wawo Pilirani, matupi awo osapezeka, ndipo iye ankangokhala tsiku lonse pamiyala pamene panali nyumba yawo. Munati ntchito ikamutangwanitsa mtima ukhala pansi. Ku fakitale ya matumba ya ku Kanengo kumene ndimagwira anamulemba n'kumuika pa makina odula, ndipo miyezi yonse ya dzuwa wagwira bwino kuposa anzake. Sachedwa, sadandaula, salankhula. Mabwana amakonda munthu wotere, ndipo inenso ndinkayesa kuti akuchira.

Mvula yoyamba inagwa masana, mwezi wathawu. Denga la fakitale ndi malata okhaokha opanda siling'i, ndipo mvula yamphamvu ikamagwa simungamvane ngakhale mutaima pafupi. Elson anasiya makina akuyenda n'kuyamba kuthamanga, akukuwa kuti anthu athawire kumtunda, phiri likubwera. Ku Kanengo kulibe phiri, amayi. Tinakamupeza pamwamba pa mulu wa matumba, atagwira mutu. Makina aja anawononga nsalu yambiri ya matumba, ndipo mayi wina amene amalandira kutsogolo kwake anatsala pang'ono kuduka zala.

Anzake anaseka. Sindikuwada kwenikweni, poti sanaone zimene iye anaona, koma kuyambira tsiku limenelo anamupatsa dzina loti Napolo, ndipo kukachita mitambo ankamufunsa ngati phiri lanyamuka kale. Kapitawo wathu, a Morton, anati chimenechi n'chamba, napita ku ofesi kukanena kuti amuchotse ntchito. Ine ndinakalirira kubafa, ndinasamba kumaso n'kubwerera pa makina anga osokera.

M'mawa mwake anatiitana tonse awiri kwa mayi Marjory, amene amaona za antchito. Ndinapita nditakonzeka kugwada. Koma mayiwa sanayambe ndi za makina. Anatipatsa mipando, anatseka chitseko, n'kufunsa ine zimene zinachitika kwathu, poti Elson anali atangozolika. Nditafotokoza anatembenukira kwa iye n'kufunsa mofatsa kuti maliro anaikidwa kuti, mwina angafune kukaona manda.

Elson anayankha kuti, “Sitinaike. Ndikuwadikirabe.”

Amayi, chiyambire Malichi ndinali ndisanamumvepo akutchula za iwo. Tsiku limenelo analankhula mpaka belu la nkhomaliro linalira. Anati foni ikalira ndi nambala yachilendo amayesa ndi anthu a ku Mozambiki akuti apezeka. Anati sadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye, poti mutu sanamete ndipo akuchikazi sanamusudzule. Kenako ananena mawu amene mpaka lero akundilasa mtima, akuti madzi aja analakwitsa kumusiya iye.

Mayi Marjory sanamuchotse. Anamusamutsira kosungira katundu, kumene kuli siling'i ndipo mvula simveka kwambiri. Anauza a Morton kuti mvula ikamagwa Elson azimulola kukhala pansi mpaka mtima ubwerere m'malo, komanso kuti dzina la Napolo lisamvekenso pakamwa pa munthu. A Morton anang'ung'udza kuti fakitale yasanduka chipatala. Koma sabata yatha ndinawaona atakhala naye pabenchi mvula ikugwa, akungomubenthulira chimanga chootcha.

Kulinso mlangizi wa za maganizo amene kampani imamubweretsa Lachinayi lililonse. Chipinda chake anthu amachitchula kuti kwa amisala, ndipo pakhomo pake amadutsa mothamanga kuopa kuonedwa. Elson anakana kaye kulowamo, ndiye ndinayamba kulowa ine, anthu onse akuona. Ndinkati ndikungomuonetsa njira, koma ndinatuluka maso atatupa, poti nanenso ndinali ndi zolira zanga. Tsopano amapita yekha. Mlangiziyo wandiuza kuti imeneyi si misala, si kulodzedwa, si chamba, koma chisoni chimene chasowa potulukira. Wanditsinanso khutu kuti Elson ndisamamusiye yekha nthawi yaitali. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa jekete yake yabwino ija ndi wailesi anali atapatsa kale anzake popanda chifukwa.

Mayi Marjory sanandibisire chilichonse. Eni fakitale amukhululukira ulendo uno wokha, ndipo malo a kosungira katundu ndi ongogwirizira, mwini wake akubwera Febuluwale. Akapanda kupeza bwino pofika nthawiyo, adzabwerera pansi pa malata aja mvula ili pakati, ndipo zikadzachitikanso adzachotsedwa. Ine ndikuopa kuti ntchito ikatha Elson sadzakhalanso ndi chodzukira m'mawa. Lamulo la kuno limati tchuthi cha maliro ndi cha maliro amene agwa munthu ali kale pantchito, koma mayiwa anakauza mabwana kuti maliro awa sanaikidwe, ndiye akadali a lero. Mabwana avomera kumupatsa masabata awiri osamudula malipiro, tsiku lililonse limene kwathu kudzakhale mwambo. Anthu achilendo achita mbali yawo, yotsalayi ndi yathu.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa a Isake, atsibweni ake a Ireen, mukawapemphe kuti tiike maliro. Ndikudziwa kuti asewere anu, amake a Ireen, amakana. Amati mwina mwana wawo ali moyo kutsidya, ndipo ndamva kuti mbale yake amaitsukabe pamodzi ndi zinzake. Sindikuwaweruza, nanenso ndikanakhala mayi ndikanatero. Koma mabanja ena ku Muloza anaika thunthu la nthochi ndi zovala, abusa anapemphera, anthu analira, anameta, ndipo tsopano ali ndi malo okaima akawakumbukira abale awo. Ngati a mpingo avuta za nthochizo, tiike zovala zokha.

Za kusudzula mukazitchule mosamala, angayese kuti tikufuna Elson akwatire. Iye alibe n'komwe maganizo amenewo. Mukangowauza kuti iwo ataya mwana ndi mdzukulu, ndipo inu mukuopa kutaya wanu akuyenda ndi miyendo yake. Musatume munthu, mupite nokha, chifukwa a Isake sangakubwezeni inu pakhomo. Ndipo musapite wapansi ndi mwendo umenewo, kabaza ndilipira ine.

Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinamuuza Elson kuti ndikukulemberani zimenezi. Ndinkaopa kuti akwiya. Koma anangotsegula chikwama chake n'kutulutsa chitenje chobiriwira chija chimene Ireen anaiwala kwanu pa Khirisimasi ya chaka chatha. Paja munachifunafuna mpaka kukayikira ana a aneba. Chinali ndi iye nthawi yonseyi, chopindidwa bwinobwino pansi pa zovala zake. Anandipatsa kuti ndichisunge mpaka tsiku lonyamuka, ndipo tinalira tonse awiri osachita manyazi.

Yankho lanu mumupatsire yemweyu wabweretsa kalatayi, akubwerera kuno sabata yamawa. Ngati a Isake akana musandibisire, ndidziwe msanga kuti ndione chochita.

Mundiperekere moni kwa amalume a Anthony ndi akazi awo, kwa achemwali a Millie ndi alamu, ndi kwa ana onse. Kwa asewere anu mukanene kuti Enifa akuti pepani, Ireen anali mlamu wanga komanso mnzanga, ndipo sinditha tsiku osamukumbukira.

Elson akupereka moni. Wanditumanso mawu oti mukawauze a Isake ngati avomera, ndipo ndawalemba mmene wawanenera. Wati, “Adzukulu akumbe manda amodzi okha. Pamene ndinkawaona komaliza, Pilirani anali kumbuyo kwa amake.”

Mutsale ndi Ambuye, amayi.

Ndine mwana wanu,
Enifa