Bambo Anyanyala Galaja Chifukwa cha Wosewera Nambala 68

Aphungu,

Ndithandizeni kumvetsa, chifukwa ine mutu waima. Bambo anga ali ndi zaka 71, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi asakuponda kugalaja kwathu. Sakudwala, sitinatukwanane, palibe amene anawalanda kanthu. Nkhani yake ndi ya mpira basi, moti ndikamaifotokoza kwa anthu amayamba aseka kaye.

Galajayo anaitsegula ndi iwowo ine ndisanabadwe. Zaka zinayi zapitazo anandisiyira kuti ndiziiyendetsa, koma sanasiye kubwera. Seveni koloko m'mawa amakhala atafika kale, wailesi atayatsa, khofi atatereka. Magalimoto a masiku ano amafuna kompyuta, ndiye amenewo timagwira ine ndi Darnell, makaniko amene wakhala nafe zaka makumi awiri. Bambo amagwira akalekale aja, amene amangotchera khutu ku injini n'kukuuzani kuti vuto lili apa. Kunena zoona, magalimoto oterowo akunka nachepa.

Tonse atatu timachemerera timu imodzi ya mpira wathu wa kuno, uja woponya ndi manja, osewera n'kumagundana atavala zisoti. Dzina lake sinditchula, manyazi. Chaka chathachi tinapambana masewero atatu okha, khumi ndi anayi anatikwapula. Ubwino wa kulephera ndi umodzi: mu Epulo, matimu akamasankha osewera atsopano ochokera m'makoleji, otsalira ndiwo amayamba kusankha. Ife tili pa nambala 2. Ndiye kuyambira Januwale nkhani kugalaja ndi imodzi, titenge ndani, tichotse ndani.

Ine ndikufuna Keaton Bramlett, woponya mpira wa zaka 21. Darnell safuna n'kumva komwe. Amati, "Manja ake ndi aang'ono, abwana. Mu Disembala mpira ukanyowa uzidzamupulumuka ngati sopo." Ndikamufunsa ngati anamuyeza ndi iyeyo, amayankha kuti anamuyeza akatswiri ndipo zili pa intaneti. Iye akufuna tipereke nambala 2 yathuyo ku timu ina kuti itipatse mwayi wosankha katatu kumbuyoko. Bambo nawo amangoseka n'kuti, "Mwana wakulira kotentha uyo sanapondepo chipale chofewa. Mphepo yathuyi ikangomuwomba kamodzi adzaitana amake." Mikangano yathu ndi yotero, ndipo imatithandiza kuti tsiku lithe.

Tsopano pali Hollis Pruett, nambala 68, chimphona chimene chimaima kutsogolo kutchinga woponya mpira kuti asagwetsedwe. Watisewerera zaka khumi ndi ziwiri, panopa ali ndi zaka 34, mawondo anatha. Lolemba la sabata yatha pawailesi anati kuli timu ina imene ikumufuna, ndipo ingatipatse mwayi wosankha kawiri chaka chamawa. Ine ndinadumpha ndi chimwemwe. Ndinkaganiza kuti Bambo adumpha kuposa ine, chifukwa Lamlungu lililonse amamukalipira pa TV mpaka mawu kusasa. Anamupatsanso dzina, amamutcha firiji ya miyendo.

Pa nthawiyo Bambo anali atapita kukagula madonasi. Ndinafuna kumusonyeza Darnell bwinobwino mmene timu ingamangidwirenso, koma pepala panalibe. Pakhoma pathu pali bolodi loyera lolembapo ntchito za tsiku, logawidwa patatu: gawo langa, la Darnell ndi la Bambo, dzina la aliyense pamwamba. Gawo la Bambo linali ndi ntchito imodzi yokha, kusintha oyilo pa galimoto ya mayi Havlik, ndipo anali atamaliza kale. Ndiye ndinapukuta gawo lonselo, n'kulemba pamwamba mawu awiri, OFUNIKA ndi APITE. Pansi pa OFUNIKA ndinandandalika anyamata a kukoleji asanu ndi mmodzi. Pansi pa APITE ndinalemba Pruett.

Atabwera anaima nthawi ndithu akuyang'ana bolodilo, bokosi la madonasi lili m'manja. Kenako anafunsa kuti, "Pruett walakwanji?"

Ndinati, "Sanalakwe kanthu, Bambo, wangokalamba. Munthu wotere umamugulitsa akadali ndi mtengo. Ukamusunga chifukwa cha chisoni, ukupha timu."

"Nanga m'malo mwake tilandira ndani? Dzina lake?"

Ndinawafotokozera kuti dzina palibe, ndi mwayi chabe wosankha kawiri chaka chamawa.

Iwo anati, "Munthu wamoyo, wathera mawondo pa ife zaka khumi ndi ziwiri, umusinthanitse ndi anthu opanda mayina? Ena a iwo panopa akulemba mayeso, ndevu sizinamere."

Darnell anafuna kuziziritsa nkhani. Anati, "Madala, si inu nomwe mumamutcha firiji ya miyendo?" Bambo anamuyankha osamuyang'ana: "Firijiyo ndi yanga, ndimaikalipira ndekha. Sindinanenepo kuti ndiigulitse."

Ine ndinaseka, n'kumaliza ndi mawu amene aliyense amanena pawailesi, akuti kumanganso timu kumafuna kuuma mtima, akale apumule, alowe magazi atsopano. Aphungu, palibe chimene ndinawonjezera pamenepo. Bambo anaika madonasi pabenchi, anapukuta manja ndi kansanza chonsecho manjawo anali oyera, n'kutenga jekete lawo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anatenganso bokosi lawo la masipanala, limene silinatulukepo m'galajamo chibadwire changa. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Mangani, abwana." Darnell amanditcha abwana tsiku lililonse mongocheza, koma Bambo sananditchepo choncho.

Ndayesa. Ndikaimba foni amayankha, koma amakamba za nyengo. Lamlungu ndinapita kukadya kwawo, nditasindikiza mapepala osonyeza kuti Pruett anadutsidwa kangati ndi osewera a matimu ena chaka chathachi poyerekeza ndi zaka zam'mbuyo. Anavala magalasi, anawerenga mzere uliwonse, n'kundibwezera. Anangoti, "Manambala ako ndi oona." Mayi atandiperekeza pakhomo anandiuza kuti, "Mwana wanga, manambala umawadziwa, koma makutu ulibe." Nditawapempha kuti andimasulire, anandipatsa kabichi wotsala n'kutseka chitseko. Darnell naye akuti, "Ine ndimangogwira ntchito pano, abwana, za m'banja sindilowerera."

Mayi akuti Bambo akudzukabe faifi koloko, kuvala zakuntchito, n'kukhala kukhitchini. Aphwasula kale makina otchetchera udzu kawiri, pamene kunja udzuwo sunamere n'komwe. Chaka chilichonse chisankho cha osewera timaonera kugalaja, Bambo akuwotcha masoseji, anzathu atadzaza. Kwatsala milungu isanu, ndipo auza mayi kuti chaka chino aonera kunyumba. Zimenezi zandipweteka. Ndawasowa, Aphungu, ngakhale makasitomala akale akufunsa kuti madala ali kuti.

Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti, munthu angakwiyire bwanji mwana wake chifukwa cha wosewera amene sakudziwa n'komwe kuti kuli Bambo anga padziko pano? Kodi ndi ukalamba? Ndiname kuti ndasintha maganizo pa Pruett, pamene ndikudziwa kuti ndikulondola? Kapena ndiwagulire malaya a nambala 68?

R.S., Ashtabula, Ohio

A R.S.,

Mayi anu sananame, makutu mulibe. Koma mtima muli nawo, apo ayi simukanalemba, ndiye tiyeni tiyambire pamenepo.

Tengani kalata yanuyi muiwerengenso mokweza. Paliponse pamene mwalemba kuti Pruett, ikani mawu akuti Bambo. Sanalakwe kanthu, wangokalamba. Ukamusunga chifukwa cha chisoni, ukupha timu. Akale apumule. Mwamva? Mawu amenewa munawanena mutaima pansi pa bolodi limene munali mutangofufutapo dzina lawo, m'galaja imene anamanga ndi manja awo, ndipo pamalo pa dzinalo munalembapo kuti APITE. Inetu chondidabwitsa si kukwiya kwa bambo anu ayi. Ndikudabwa kuti inu mwafotokoza zonsezi mwatsatanetsatane, mpaka oyilo wa mayi Havlik, koma osaziona.

Ndikukhulupirira kuti simunachite dala. Munkafuna malo olembapo, ndipo gawo lawo ndilo linali lopanda kanthu. Koma vuto lake ndi lomwelo. Mukuganiza kuti iwo sankaona kuti gawo lawo likufupika mwezi ndi mwezi pamene lanu ndi la Darnell akudzaza? Ankaona m'mawa uliwonse, n'kumadzifunsa chamumtima ngati akadali ofunika kapena mukungowapirira. Tsiku limenelo anaganiza kuti yankho alipeza pakhoma. Masipanala aja sanawatenge chifukwa cha mpira. Munthu amatenga zida zake akaona kuti ntchito yatha.

Zoti amamukalipira Pruett Lamlungu lililonse zisakusokonezeni. Inunso mumachemerera timu yomweyo, mukudziwa kuti munthu amakalipira wosewera amene akumudalirabe. Amene watayidwa sakalipiridwa, amangofufutidwa.

Pa nkhani ya mpirayo mwina mukulondola. Mwinanso Darnell akulondola za manja aang'ono aja, kaya. Ine sindigamula, ndipo musaname kuti mwasintha maganizo, chifukwa si zimene zavuta. Ngakhale mutapambana mkanganowo, palibe mkulu wa timu amene adzakuimbireni foni kuti amve nzeru zanu. Mapepala a manambala aja tayani. Munapita kukatsimikizira munthu wosweka mtima kuti okalamba amachedwadi, iye n'kuvomera. Malaya a nambala 68 nawo asiyeni m'sitolo.

Mawa m'mawa, musanatsegule boneti ya galimoto iliyonse, pukutani mndandanda wa anyamata a kukoleji aja, mubwezeretse mzere wolekanitsa gawo lawo, mulembe dzina la bambo anu pamwamba pomwe linali. Za chisankho lembani pakatoni, makatoni kugalaja sasowa. Musajambule bolodilo n'kuwatumizira pafoni. Pitani nokha pakati pa sabata, chimanjamanja, mukakhale nawo kukhitchini komweko. Dzina la Pruett lisatuluke pakamwa panu. Mukanene mawu ochepa komanso olunjika: "Bambo, ndinafufuta dzina lanu pabolodi. Ndinalakwa, pepani. Galaja ija popanda inu sindikuizindikira." Mwina adzakana, adzati za bolodi sanaziganizireko n'komwe. Amuna a msinkhu umenewo savomera msanga kuti apwetekedwa. Musawakakamize kuvomera, koma kupepesako musakubweze.

Kenako afunseni funso limene ndikuona kuti simunawafunsepo pa zaka zinayi zonsezi: pamene ankakusiyirani galajayo, ankaganiza kuti malo awo akhala otani? Akufuna kumabwera masiku angati? Akufuna ntchito ziti? Mukafunsa mutseke pakamwa, mumvetsere mpaka amalize. Mwanena nokha kuti makasitomala akale akuwafunsa. Auzeni zimenezo, ndipo mutchule mayina a anthuwo. Muwauzenso kuti masoseji a tsiku la chisankho palibe wina wowotcha, ngati zili zoona.

Ndati ngati zili zoona, ndipo chenjezo langa lili pamenepa. Musawapekere tintchito tachisoni kuti gawo lawo lioneke lodzaza. Munthu amene amamva vuto la injini ndi khutu adzamva bodza m'mawu anu musanamalize chiganizo, ndipo chidzawapweteka kuposa kufufuta kuja. Dzifunseninso nokha musananyamuke. Ngati pansi pa mtima mukufunadi kuti apumule, ndi nkhani yoti mukambirane maso ndi maso, ngati bambo ndi mwana wake, tsiku lina mitima itazizira, iwowo akunenapo maganizo awo.

Ndipo musadikire Epulo poganiza kuti chisankho chikayandikira abwera okha. Munthu amene wakhala kunyumba masiku asanu ndi anayi ndi wokwiya, ndipo wokwiya amapepeseka. Akafika milungu isanu amakhala atazolowera. Pamenepo mudzalemba dzina lawo pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu, koma mwini dzinayo sadzabweranso kudzaliwerenga.

Aphungu